Tomato Wolendewera Pakhonde

Anthu a mumsewu wonse ankamutchula kuti Mbaliwali, chifukwa ntchito yake inali yowotcherera zitsulo ndipo malaya ake onse anali ndi timabowo topsa. Anali munthu wolongolola. Pashedi pake ankatha kucheza ndi kasitomala mpaka chitsulo n'kuzizira ntchito isanathe, ndipo ngakhale galu wongodutsa ankamupatsa moni. Koma chifikireni apongozi ake aamuna m'nyumba mwake, akangokwera masitepe madzulo pakamwa pankangouma gwa.

Apongoziwo anabwera atathyoka fupa la m'chiuno. Anaterereka m'ngalande kudimba kwawo, ndipo atatuluka m'chipatala panalibe wowasamala, poti akazi awo anali atatsogola kale. Mkazi wa Mbaliwali, amene anali namwino, anangoti, "Bambo tiwatenga." Mbaliwali sanatsutse. Iye ndi mlamu wake anawanyamula pampando n'kukwera nawo masitepe opanikiza a nyumba yosanja, akupumira pokhota paliponse, mkuluyo atatsinzina ngati akumwa mankhwala owawa. Atawatula pamwamba, anawayang'ana onse awiri n'kunena kuti, "Zonyamulidwa ngati thumbazi zathera pano."

Mbaliwali anawawotcherera chitsulo choyendera cha miyendo inayi, n'kuika mphira kunsi kuti chisamaterereke. Ndi chimenecho mkuluyo ankachoka pabedi n'kukafika pakhonde, ulendo n'kuthera pomwepo. Khondelo linali laling'ono, lokwana mpando umodzi ndi munthu woima chammbali. Linali ndi mpanda wachitsulo wofika m'chiuno, ndipo kutsogolo kwake kunali mawaya a magetsi, denga la golosale, ndi malo omatira matayala. Munthu amene moyo wake wonse anadzaza madengu a tomato mpaka ogula kusowa ponyamulira, tsopano ankangokhala tsiku lonse manja ali pamaondo.

"Mwaswera bwanji, Bambo?" Mbaliwali ankafunsa atavula chipewa.

"Ndaswera."

"Nanga mwendo?"

"Ulipo."

Macheza ankathera pamenepo. Mbaliwali ankaima pang'ono, kukanda m'mutu, kenako n'kukalowa m'bafa n'kusamba nthawi yaitali kuposa mmene thupi lake linkafunira.

"Inu mumacheza ndi galu wa pamsewu," mkazi wake anamuuza tsiku lina akupinda yunifomu. "Bambo anga akukukanikani chiyani?"

"Galu sandiyang'ana ngati ndinamubera mwana."

"Si munawaberadi?"

"Ndinapempha, mayi. Mboni zilipo."

Mkaziyo anaseka, koma kuseka kwake sikunapite patali. "Akutha, mukudziwa? Fupa lalumikizana bwinobwino, dokotala wanena. Koma munthu akutha."

Chakumayambiriro kwa nyengo yotentha, pashedi panabwera mayi wina wogulitsa maluwa ndi mbande, akufuna madengu a waya opachika. Mbaliwali anamupangira, ndipo tsiku lodzatenga mayiyo anasangalala nawo kwambiri moti anatulutsa m'galimoto timachubu ta mbande n'kumupatsa.

"Uyu ndi tomato wa mtundu wina," anatero. "Safuna mtengo womuimikira. Mumangomupachika, iye n'kumatsika yekha. Tizipatso take ndi tating'ono, koma kukoma kwake! Chinthu chimodzi chokha, musamuthene. Mphukira zonse muzisiye."

Mbaliwali anali asanabzalepo kanthu chibadwire, ngakhale tsabola. Komabe madzulo amenewo anapinda waya wotsala n'kupanga madengu atatu, anayalamo ziguduli, n'kudzazamo dothi lokumba kuseri kwa shedi. Mbande zotsala anazibzala m'zitini ziwiri za penti. Anafika nazo kunyumba ali thukuta kamukamu, anaboola denga la khonde, n'kupachika madenguwo. Zitini anazikoloweka kunja kwa mpanda. Apongozi anasuntha mpando kuti amupatse malo, koma sanafunse kanthu.

M'mawa uliwonse ankathirira, madzulonso n'kuthirira, madzi ambirimbiri, poganiza kuti chinthu ukachikonda suchimana. Sabata isanathe masamba a m'munsi anayamba chikasu. Iye anaonjezera madzi. Mbande za m'zitini zinazyolika ngati ana okalipiridwa. Ankaona pambali kuti nsagwada za apongozi zikugwedera, ngati munthu amene akutafuna mawu n'kuwameza.

Tsiku lina m'mawa, atangokweza jagi kuti athire, anamva kumbuyo kwake:

"Akamwini."

Jagi inatsala pang'ono kugwa. "Bambo?"

"Kodi mbewuyi inakulakwirani chiyani?"

"Ndimati... ndimati mwina ili ndi ludzu."

"Ludzu? Tatsitsani chitinicho kuno."

Mbaliwali anachitsitsa n'kuchiika pamiyendo pawo. Mkuluyo anapisa chala m'dothimo, chinatuluka chili matope okhaokha. Anachinunkhiza n'kukwinya nkhope. Kenako anapendeketsa chitinicho n'kusuzumira kunsi.

"Mabowo ali kuti?"

"Mabowo?"

"Inu ntchito yanu ndi yoboola zitsulo, koma chitini chokha mwachimvera chisoni. Muzu umapuma, akamwini. Mukaumiza m'madzi umafa ngati mwana wa nkhuku. Ndipo dothili mwalitenga kuti? Ili ndi loumbira njerwa."

Mawu onse amene ananena m'mawa umenewo anaposa amene analankhula chifikireni. Mbaliwali anachedwa kutsegula shedi, koma sanadandaule. Anatsika masitepe akuloweza zimene anamutuma: mchenga wa kumtsinje osati wa pamsewu, masamba owola a pansi pa mtengo, ndi zitosi za nkhuku, koma zakale, zimene zinasiya kununkha.

Madzulo anabwera nazo m'timatumba. Zitosi zoyamba apongozi anazibweza. "Izi n'zadzulodzuloli, zingawotche mizu." Mbaliwali anakayenda kwa oweta nkhuku ena mpaka anapeza zouma, zofumbutuka m'manja. Mkuluyo anaika beseni pamiyendo n'kuyamba kusakaniza ndi manja onse awiri, akufinya, akumwaza, akutaya timiyala. Namwino atabwera ku ntchito anapeza bambo ake zala zili bii, malaya ali fumbi lokhalokha. Anatsegula pakamwa kuti akalipe, koma anatsekanso n'kupita kukhitchini mwakachetechete.

Atatha kubzalanso mbande zija, apongozi anayang'ana uku ndi uku.

"Nanga mitengo yake ili kuti?"

"Ameneyu safuna mtengo, Bambo. Akuti amangolendewera."

"Tomato wolendewera?" Mkuluyo anayang'ana madengu ali m'mwamba, n'kuyang'ana mkamwini wake. "Ndiye kuti mwagula mileme."

Anaseka mpaka kutsokomola. Mbaliwali anali asanaonepo kuti apongozi ake alibe dzino limodzi la m'mbali.

Vuto linali lakuti madenguwo anali patali. Tsiku lina Mbaliwali anabwera masana kudzatenga chakudya n'kupeza mkuluyo ataimirira, dzanja limodzi lili pachitsulo choyendera, lina likunyanyamphirira dengu m'mwamba ndi kapu ya madzi. Sanawakalipire, poti mpongozi sakalipiridwa. Anangolandira kapuyo n'kuthira yekha, ndipo atabwerera kushedi anafukula mulu wa zitsulo zakale. Anapezamo mahabu a njinga, tizitsulo tozungulira ta pakati pa mawilo. Anawatsuka, anawathira girisi, n'kuwawotcherera pa timikono tachitsulo. Madzulo dengu lililonse linali ndi chingwe chake chodutsa pakawilo, chomangirira pampanda pafupi ndi mpando.

"Tamasulani apa, Bambo. Pang'onopang'ono."

Dengu linatsika mwaulemu n'kudzaima pachifuwa pawo penipeni. Mkuluyo analikweza, analitsitsanso, analikwezanso.

"Mutu ulipo," anatero. Mbaliwali anayenda ndi mawu awiriwo sabata yathunthu.

Tomato anatsitsimuka. Masamba anabiriwira, nthambi zinayamba kusefukira m'mbali mwa madengu. Apa m'pamene panabuka mkangano wawo woyamba, mkangano waulemu, wa anthu osayang'anana m'maso. Apongozi anaona mphukira zikutuluka m'khwapa mwa tsamba lililonse, zala zawo n'kuyamba kuyabwa.

"Izi n'zofunika kuthena. Zimaba chakudya."

"Mwiniwake anati tisathene, Bambo."

"Mwiniwake wabzala tomato zaka zingati?"

"Sindinamufunse."

"Ine ndinayamba inu musanabadwe."

"N'zoona, Bambo. Kungoti mwina ameneyu ndi wachilendo."

Anagwirizana zogawana. Madengu awiri anakhala a apongozi, kuti achite nawo mmene akudziwira. Anawathena bwinobwino, n'kumangirira tsinde lililonse ku chingwe ndi tinsanza kuti liime chilili ngati tomato wa ulemu wake. Dengu lachitatu ndi zitini ziwiri zija anazisiya kuti zichite zofuna zake, ndipo mkuluyo ankazitchula kuti ana osalangidwa.

Pansi pawo pankakhala mayi wina wochapa ndi kusita zovala za anthu. Zingwe zake zoyanikira zinali kunsi kwa khonde lomwelo. Tsiku lina Mbaliwali ali pakhomo, anamva masitepe akugunda, kenako chitseko chikumenyedwa ngati kwabuka moto. Atatsegula anapeza mayiyo atanyamula malaya oyera a kasitomala, kumsana kwake kuli mzere wofiirira kuyambira pakolala mpaka pansi.

"Bambo Mbaliwali, tandiuzeni. Kumwamba kuno mwayamba kuweta ng'ombe?"

"Pepani, mayi, ndi tomato..."

"Tomato amakodza?"

Analowa osadikira kuuzidwa, malaya ali m'manja, mpaka pakhonde. Kumeneko anapeza mkulu wa imvi atakhala pakati pa masamba, dengu lili pachifuwa, akugogoda timaluwa tachikasu ndi chala mmodzimmodzi. Mayiyo anaima.

"Wolakwa ndine, mwana wanga," anatero apongozi. "Madzi a manyowa ndathira ndine. Sindinadziwe kuti pansipa pali ntchito ya munthu. Ndikanakhala ndi miyendo ndikanatsika kudzapepesa."

Mkwiyo wa mayiyo unasowa pogwira. Anapinda malaya aja n'kuwaika kukhwapa.

"Nanga maluwawo mukuwamenyeranji, agogo?"

"Kuno njuchi sizifika. Ndiye njuchi ndine."

Mbaliwali anasula timbale ta malata n'kutimangirira kunsi kwa dengu lililonse, koma madzi sankalephera kudontha. Choncho anapangana. Mayiyo akaanula zovala ankatulutsa mutu n'kukuwa, "Thirirani, agogo!" Mkuluyo ankayankha, "Ikubwera mvula!" Anthu omata matayala anazolowera, moti tsiku limene mayiyo wachedwa ankakuwa okha.

Dzuwa litafika poswa mtengo, madengu ankauma msanga kuposa mmene apongozi ankayembekezera. Dothi la m'mwamba silili ngati la kudimba, mphepo imaliomba mbali zonse. Amene anakalipira mkamwini chifukwa cha madzi uja tsopano ankathirira m'mawa ndi madzulo, masiku ena ngakhale masana. Mbaliwali anaona, koma anangoluma mlomo. Mkuluyo anaona kuti waona.

"Musaseke. Nthawi ija kunalibe mabowo."

"Sindinaseke, Bambo."

"Makutu anu akuseka."

Tsopano Mbaliwali sankachedwanso m'bafa. Ankakhala pakhomo la khonde pa ndowa yovundikira, kapu ya tiyi ili m'manja, n'kumamvetsera. Anamva za chaka chimene matalala anasasantha dimba lonse kutangotsala pang'ono kuthyola. Anamva za malemu apongozi ake aakazi, kuti ankathyola tomato ndi kamchira kake chifukwa ankati wopanda mchira amaoneka wamasiye. Nayenso anayamba kufotokoza za kushedi, za kasitomala amene anaitanitsa geti lalikulu kuposa mpanda wake. Namwino ankati akabwera n'kuwapeza akuseka, ankafunsa, "Mukundijeda?" Onse awiri ankayankha pamodzi kuti ayi, zimene zinkamukayikitsa kwambiri.

Ana osalangidwa aja anakula modabwitsa. Nthambi zawo zinafunafuna dzuwa, zinadutsa mpanda, n'kutsikira kunja. Za m'zitini zinalendewera mpaka kupitirira simenti ya khonde. Zipatso zambiri zinabereka mbali ya kumsewu, kumene munthu wokhala pampando sakanatha kuona. Apongozi ankangoona masamba ndi timagulu tochepa ta mkati. Koma ankamva. Ankamva ana a sukulu akuima pansi n'kumalozerana. Ankamva mayi wochapa akuuza kasitomala kuti, "Ndi agogo a pamwambapa, manja awo ndi ena." Tsiku lina anamva galimoto ikuima, munthu n'kufunsa ngati zinali zenizeni kapena zapulasitiki.

Mbaliwali anatsika n'kujambula ndi foni. Mkuluyo anaiyang'ana nthawi yaitali, akuitalikitsa ndi kuiyandikitsa.

"Foni imanama," anatero pobweza. "Inajambula mlamu wanu n'kuoneka wonenepa."

Tsiku lopuma litafika, Mbaliwali anadzuka mochedwerapo. Atatuluka kuchipinda anapeza apongozi atakhala pabalaza, osati pakhonde. Anali atavala jekete lawo lakuda lija anabwera nalo, nsapato zopolishidwa, tsitsi lopesa. Namwino anali ataima pakhomo la khitchini atagwira supuni, akuyang'ana mwamuna wake ndi maso akuti musandifunse ine.

"Akamwini," anatero mkuluyo, maso ali pansi. "Msana wanu uli bwanji masiku ano?"

"Uli bwino, Bambo."

"Zitsulo zija mumanyamula zimalemera bwanji?"

"Zina zimaposa munthu."

"Munthu wamkulu kapena wamng'ono?"

Mbaliwali anamvetsa. Anangopita patsogolo pawo, anatembenuka, n'kugwada bondo limodzi. Kenako anamva manja awiri okhakhala akugwira mapewa ake mwamanyazi, ngati akugwira chinthu cha eni.

"Gwiritsani, Bambo. Pakhosi pomwepa."

Anadzuka nawo. Anadabwa kupepuka kwawo, ndipo kupepukako kunamupweteka mumtima kuposa mmene kulemera kukanapwetekera msana. Anatsika sitepe imodziimodzi, phewa likukhudza khoma. Kumbuyo namwino, supuni osaisiya, ankabwera ndi chitsulo choyendera, chikugunda m'makona, akungoti, "Pang'onopang'ono, inu. Samalani pokhotapo." Mpweya wa mkuluyo unkamuomba kukhutu, ukununkhira sopo ndi masamba a tomato.

"Mkazi wanuyu," ananong'ona apongozi ali pakati pa masitepe, "ndinamuberekapo chonchi popita kuchipatala. Anandisanzira m'khosi."

"Ndamva, Bambo!" anatero namwino.

Atafika pansi anawaimika pachitsulo chawo. Mkuluyo anaponda dothi, anaima kaye kuti miyendo izolowere, kenako anayenda pang'onopang'ono mpaka m'mphepete mwa msewu. Anatembenuka n'kukweza mutu.

Khonde lonse linali litavala. Nthambi zinatsika ngati tsitsi lomasula, zodzaza timagulu ta tomato, wina wobiriwira, wina wachikasu, wambiri wofiira psuu, akuwala ndi dzuwa la m'mawa. Nyumba yonseyo inali ya simenti yotuwa, mawindo ena omata ndi makatoni, koma pakona imodziyo panali ngati pagwa chitenje chatsopano. Apongozi anayang'ana osaphethira. Namwino anatembenukira kumbali n'kumapukuta m'maso ndi ngodya ya epuloni.

Patapita nthawi mkuluyo analoza ndi chibwano. "Awiri owonda ali m'mwambawo ndi anga aja?"

"Ndi anu, Bambo."

Madengu awiri othenedwa aja anaima chilili ndithu, aulemu wawo, koma zipatso zake munthu akanatha kuziwerenga ali chiimire.

"Akuchititsa manyazi," anatero. "Mawa tikawamasule. Ndipo mayi wa mbande uja mukamuuze kuti mkulu wina wagonja. Koma musatchule kuti ndine."

Mayi wochapa anatuluka ndi beseni, ndipo atawaona analitula pansi n'kuomba m'manja. "Agogo! Mwatsika! Ine ndimayesa munasanduka mawu okhaokha."

"Ndabwera kudzaona malire," anatero mkuluyo. Analoza nthambi zotsikitsitsa, zimene zinali pamwamba pa zingwe zoyanikira. Kunsonga kwake kunali timichira topanda zipatso. "Mbalame za kuno zimathyola mwaluso."

Mayiyo sanachite manyazi n'komwe. "Amene wadutsa simenti ndi wanga, agogo. Ndi chipukutamisozi cha malaya aja."

"Ndiye muzidikira afiire. Dzulo munathyola wosapsa, ndinamva nthambi ikukana."

Anaseka onse, mpaka omata matayala anabwera kudzapereka moni. Wina anabweretsa mpando, koma mkuluyo anakana. Anati wakhala mokwanira. Anayang'ana kumtunda kwa msewu, n'kuyang'ana kumunsi, ngati mlendo amene wangotsika basi.

"Akamwini, kuntchito kwanu n'kutali?"

"Ayi, Bambo. Kuseri kwa golosaleyo, mukangokhota."

"Makiyi muli nawo?"

Mbaliwali anagwira m'thumba. Anali nawo.

"Tiyeni ndikaone kumene mumapsera malaya. Ndikufunanso tikayeze waya. Zitini za pentizo zikunyozetsa mbewu, pakufunika madengu ena, okulirapo, oti muzu uzitambasuka."

"Bambo, simunadye kanthu," anatero namwino.

"Tikadya tikabwera. Iwe kaphike."

Ananyamuka. Mkuluyo ankaponya chitsulo patsogolo, n'kukoka mwendo, n'kuponyanso. Mbaliwali ankayenda mbali ya kumsewu, dzanja lili chire kumbuyo kwa jekete lija koma osalikhudza. Njinga zinkawapatuka. Asanafike pagolosale anali atayamba kale kukangana za kukula kwa madenguwo, mkuluyo akuti akhale akuya, Mbaliwali akuti denga silingapirire kulemera, ndipo namwino anaima pageti mpaka anakhota, supuni idakali m'manja.